MUTU UMODZI WA CINGWE PA ZIPANGIZO ZONSE

Nkhani ya madzulo ano inena za kanthu kakang'ono ndithu, kosaposa cikhadabo ca munthu kukula kwace, koma kamene kadyera anthu ndalama zambiri ndi kukanganitsa makampani akulu-akulu ndi maboma kwa zaka zosacepa. Kanthuko ndiko mutu wa cingwe, kacitsulo kaja kamene kalowa m'bowo la foni kapena la kompyuta. M'nyumba zambiri za m'matauni, ndi za kumidzi zomwe, muli thumba kapena katoni m'mene mwaunjikana zingwe ndi machaja osagwiranso nchito. Zambiri mwa izo sizinafe iai. Zinangotsala zokha pamene foni yace inatha, ndipo foni yatsopano inadza ndi bowo la mtundu wina. Mwini wace anazigula ndi ndalama za thukuta lace, kuzitaya acita nazo cisoni, koma kuzigwiritsa nchito sangathe. Kuyambira m'caka ca 2014 zinthu izi zakhala ziri kusintha, ndipo tsopano mutu umodzi wochedwa USB-C uli kulowa m'malo mwa mitu ina yonse. Nkoyenera kuti omvera adziwe m'mene zinayendera, ndiponso cimene ayenera kucenjera naco popita kukagula.

Cimene cacitika ndi zingwe cimveka bwino munthu akayamba waganizira za njanji. Njanji ya muno m'Zambia iri ndi mpata wa mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo zace ziwiri, cimodzi-modzi ndi njanji za ku Zimbabwe ndi ku South Africa, kotero kuti ngolo yopakiridwa ku Ndola ikhoza kufika ku Durban katundu osatsitsidwa panjira. Njanji ya TAZARA, yocokera ku Kapiri Mposhi kufika ku Dar es Salaam, imene inamalizidwa mu 1975, inamangidwa pa muyeso womwewo. Koma njanji zakale za m'Tanzania, zimene zinayambidwa ndi Ajeremani, ziri ndi mpata wa mamilimita 1,000, ndipo pamene ziwirizi zikomana ku Kidatu katundu ayenera kutsitsidwa ndi kukwezedwanso m'ngolo zina. Kusiyana kwa mamilimita 67 okha kudya nthawi ndi ndalama. Momwemonso ndi zingwe: pamene opanga sagwirizana pa muyeso umodzi, wolipira kusagwirizanako ndiye wogula.

KUMBUYO KWA KOMPYUTA YAKALE

Amene anagwirapo nchito m'maofesi kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990 akumbukira m'mene kumbuyo kwa kompyuta kunaonekera. Kunali mabowo amitundu-mitundu, ndipo cipangizo ciri conse cinali ndi bowo lace-lace. Makina osindikizira makalata analumikizidwa ndi cingwe conenepa ca mano 25. Panali bowo lina la mano 9, limene nthawi zambiri linalandira cipangizo columikizira kompyuta ku waya wa telefoni. Mu 1987 kampani ya IBM inaonjezapo timabowo tiwiri tozungulira ta mano 6, tochedwa PS/2, kamodzi ka kiyibodi, ndiyo bolodi ya malembo, ndi kena ka mausi, kacipangizo kaja koyendetsa ndi dzanja pathebulo. Timabowoto tinali tofanana kwambiri, kotero kuti pambuyo pace opanga anatipaka utoto wosiyana, kuti anthu aleke kusokoneza. Caka comweco IBM inatulutsanso mutu wa mano 15 wochedwa VGA, wa cingwe copita ku sikirini, umene unamangidwa ndi timasikuluu tiwiri.

Munthu wofuna kulumikiza cipangizo catsopano kawiri-kawiri anayenera kuzima kompyuta, kulowetsa cingwe, kuyatsanso, ndi kuifotokozera kompyutayo za mlendo amene wafika. Dzino limodzi likapindika, cingwe conse cinatha nchito. Mabowo akadzala, panalibenso polumikiza cina.

Makampani asanu ndi awiri, ndiwo Compaq, DEC, IBM, Intel, Microsoft, NEC ndi Nortel, anaona kuti cisokonezo cimeneci cinali kuthawitsa ogula, nagwirizana kupanga bowo limodzi la zipangizo zonse. Mmodzi wa atsogoleri a nchitoyi anali Ajay Bhatt, mmisiri wa ku Intel wobadwira ku India. Mu Januwale 1996 anatulutsa muyeso wochedwa Universal Serial Bus, mwacidule USB. M'cingwe cace munali mawaya anai okha: awiri onyamula uthenga pakati pa kompyuta ndi cipangizo, ndi awiri onyamula magetsi. Munthu anatha kulowetsa kapena kuzula cingwe kompyuta iri ciyakire, ndipo kompyutayo inazindikira yokha cimene calowa. Poyamba ogula sanafulumire, koma mu 1998 kampani ya Apple inatulutsa kompyuta yochedwa iMac, imene inasiya mabowo akale a kiyibodi, mausi ndi makina osindikizira nikhala ndi USB m'malo mwao, ndipo opanga zipangizo anatsata. USB yoyamba inanyamula mamegabiti 12 pa sekondi. Ya mu 2000, yochedwa USB 2.0, inafika 480. Ndipo ya mu 2008, USB 3.0, inafika 5,000.

Mutu wamakona anai uja unali ndi cirema cimodzi cimene ali yense anakomana naco: unalowa mbali imodzi yokha, pamene pouona kunja mbali zonse ziwiri zinafanana. Bhatt mwini anafotokoza pambuyo pace kuti mutu wolowa mbali zonse ukadafuna mawaya owirikiza kawiri, ndipo mtengo wace ukadakwera pa nthawi imene kunali kofunika kukopa makampani ndi kutsika mtengo.

MAFONI NDI MACHAJA AO

Mawaya awiri a magetsi aja anaikidwamo kuti adyetse tizipangizo tating'ono monga mausi ndi kiyibodi, ndipo anapereka mavolti 5 ndi theka la ampeya, ndiwo mawati awiri ndi theka. Pano mau atatu afuna kumasulira. Magetsi m'waya akunga madzi m'paipi: mavolti ndiwo mphamvu yokankha madziwo, maampeya ndiwo kuculuka kwa madzi odutsa, ndipo mawati, amene apezeka poculukitsa mavolti ndi maampeya, ndiwo muyeso wa nchito imene madziwo angagwire. Opanga USB sanalingalire kweni-kweni za kuchaja mabatire, koma popeza bowolo linali pa kompyuta iri yonse, ndipo linali ndi magetsi, anthu anayamba kuchajirapo.

Nthawi imeneyo mafoni a m'manja anali kuwanda pa dziko lonse, ndipo kampani iri yonse inali ndi chaja yace. Nokia inali ndi kamutu kozungulira konenepa, ndipo pambuyo pace kena koonda konga singano. Motorola, Samsung ndi Sony Ericsson anali ndi yao-yao, ndipo nthawi zina mafoni awiri a kampani imodzi sanathe kubwerekana chaja. Mlendo woiwala chaja yace anayenda khomo ndi khomo kufunsa ngati alipo wina wa foni yonga yace. Kwa makampani zimenezi zinali phindu, pakuti wogula foni anakhala womangika kugulanso chaja yoyenerana ndi foniyo.

Maboma anayamba kulowererapo. Mu 2006 boma la China linakhazikitsa muyeso wakuti machaja a mafoni akhale a USB. Mu 2007 kunatuluka kamutu kakang'ono kochedwa Micro-USB, ndipo mu Juni 2009 makampani akulu a mafoni anasaina pangano ndi akulu a European Union, bungwe la maiko a ku Ulaya, kuti adzagwiritsa nchito kamutu kameneka. Monga mwa ciwerengero ca bungwelo, mitundu ya machaja inatsika kucokera pa 30 kufika pa itatu. Koma panganolo linali lodzifunira, ndipo linalola kampani kusunga bowo lace malinga pakhale kolumikizira kapadera. Apple inatsata njira imeneyo. Inali ndi mutu wace waukulu wa mano 30 kuyambira mu 2003, ndipo mu 2012 inaika m'malo mwace wina waung'ono wa mano 8 wochedwa Lightning. Amene anali atagula zoimbira ndi zingwe za mutu wakale anatsala nazo m'manja.

KUBADWA KWA USB-C

Mu Ogasiti 2014 makampani osunga muyeso wa USB anatulutsa mutu watsopano wochedwa USB-C. Mutu uwu ngwaphwatalala, wobulungira m'mbali, m'lifupi mwace mamilimita 8 ndi pang'ono, ndipo uli ndi timano 24. Ulowa mbali iri yonse, kotero kuti ngakhale mumdima munthu sabvutika nao. Anaupanga kuti upirire kulowetsa ndi kuzula nthawi 10,000, pamene mutu wamakona uja muyeso wace unali 1,500. Cingwe cimodzi cikhoza kunyamula magetsi, makalata, zithunzi za pa sikirini ndi mau pa nthawi imodzi, nchito imene kale inafuna zingwe zingapo. Mu 2015 Apple inatulutsa kompyuta ya m'manja yochedwa MacBook yokhala ndi bowo limodzi lokha la USB-C la kuchaja ndi kulumikiza zipangizo.

Cacikulu pa zonse ndico macitidwe ace pochaja, ochedwa USB Power Delivery. Chaja yakale inangopereka mphamvu imodzi yomweyo kwa ali yense wolumikiza. Chaja yatsopano iyamba yakambirana ndi cipangizo kupyolera m'dzino limodzi loikidwira nchito imeneyo. Ikaona kuti cipangizo calowa, ipereka mavolti 5, niichula mphamvu zonse zimene iri nazo, monga mavolti 9, 15 kapena 20. Cipangizo cisankha imene cifuna, ndipo pamenepo pokha chaja ikweza mphamvuyo. Kukambiranaku kutha munthu asanacotse dzanja pa cingwe. Cifukwa cace chaja yaikulu ya kompyuta, ikakhala yopangidwa bwino, siocha foni yaing'ono, pakuti foniyo ilandira cokhaco cimene yapempha. Poyamba malire anali mawati 100, ndipo mu 2021 anakwezedwa kufika 240. Kucokera pa mawati awiri ndi theka a mu 1996, uku ndi kuwirikiza nthawi 96.

LAMULO LA KU ULAYA

Ngakhale mutu watsopano unali wabwino, si onse anaulandira. Mafoni otsika mtengo anakakamira Micro-USB, ndipo Apple inakakamira Lightning pa mafoni ace, niinena kuti lamulo loumiriza mutu umodzi lidzatsekereza nzeru zatsopano. Akulu a European Union, ataona kuti zaka zoposa khumi za mapangano odzifunira sizinamalize nchito, anapereka bilu mu Seputembala 2021. Iwo anawerengera kuti machaja otayidwa ndi osagwiritsidwa nchito afika matani 11,000 pa caka m'maiko ao, ndi kuti mutu umodzi udzapulumutsira ogula ndalama zofika mayuro 250 miliyoni pa caka.

Pa 4 Okutobala 2022 Nyumba ya Malamulo ya bungwelo inabvomereza biluyo: aphungu 602 anabvomera, 13 anakana, ndipo 8 sanatenge mbali. Kuyambira pa 28 Disembala 2024 mafoni, matabuleti, makamera, zomvera za m'makutu, makiyibodi, mausi ndi zina zotere zochajidwa ndi cingwe ziyenera kukhala ndi bowo la USB-C kuti zigulitsidwe m'maikomo, ndipo kwa makompyuta a m'manja lamulo linaika tsiku la 28 Epulo 2026. Lamulolo linenanso kuti cipangizo cochaja mwaliwiro citsate USB Power Delivery, kuti wogula akhale ndi ufulu wogula foni yopanda chaja ngati ali nayo kale, ndi kuti pa katoni pakhale cizindikiro coonetsa ngati m'katimo muli chaja kapena iai. Apple sinadikire tsikulo: mu Seputembala 2023 inatulutsa iPhone 15 ndi bowo la USB-C, ndipo inatero pa dziko lonse.

Apa ndipo pamene nkhani ya ku Ulaya ifika kuno. Lamulolo liribe mphamvu m'Zambia, koma fakitale siikonda kupanga mitundu iwiri ya foni imodzi, ndipo foni yopangidwira msika wa ku Paris ndiyo yomweyo ifika m'sitolo za ku Lusaka, Kitwe ndi Chipata. Phindu la chaja yobwerekana lidziwika bwino kwa amene anakhala muno mu 2024, pamene cirala cinaphwetsa madzi a ku Kariba, ndipo m'malo ambiri magetsi anazima koposa theka la tsiku. Pamene magetsi abwera maora owerengeka, banja lonse lithamangira ku soketi imodzi, kapena ku batire yosungiramo magetsi, kapena ku sola. Masiku ano foni ndiyo thumba la ndalama, ndiyo kalata, ndiyonso njira imene mlimi adziwira mtengo wa cimanga. Foni yozima cifukwa ca kusowa cingwe coyenera ikhoza kuimitsa malonda a tsiku lathunthu.

Palinso nkhani ya zinyalala. Lipoti la United Nations la mu 2024 linaonetsa kuti mu 2022 dziko lonse linataya matani 62 miliyoni a zipangizo za magetsi, ndipo gawo losafika limodzi mwa magawo anai ndilo linalembedwa kuti linasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso. M'kati mwa cingwe cabwino muli mkuwa, cuma comweco cimene amuna a ku migodi alowera naco pansi pa nthaka. Kutaya cingwe camoyo kudzala ndiko kukwiriranso mkuwa umene unakumbidwa ndi thukuta.

CENJEZO KWA OGULA

Tsono pali mbali ina imene wogulitsa pa msika sadzaichula. Akulu akale anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Kale munthu poona maonekedwe a mutu anadziwa nchito ya cingwe. Lero mitu yonse ifanana, koma za m'kati zisiyana kwambiri. Cingwe cina ca USB-C cinyamula maampeya atatu, ndiwo mawati ofika 60. Cofuna kunyamula maampeya asanu ciyenera kukhala ndi kacipangizo kobisika m'mutu mwace kouza chaja za mphamvu yace, ndipo popanda kameneko chaja yabwino siikweza mphamvu. Cingwe cina citumiza makalata pa liwiro lakale la mamegabiti 480, pamene cina cofanana naco maonekedwe, ca muyeso wa USB4 wa mu 2019, cifika 40,000. Cina cinyamula zithunzi kupita ku sikirini, cina iai. Mabowo omwe asiyana: iPhone 15 wamba inatuluka ndi liwiro la 480, pamene inzace yochedwa Pro inafika 10,000, ngakhale mabowo ao sasiyana pouona.

Coopsya koposa ndico cinyengo. Mu 2015 mmisiri wina wa ku Google anayamba kugula zingwe za USB-C ndi kuziyesa, napeza kuti zambiri zinali ndi kacipangizo kolakwika kamene kananamiza foni kuti ikoke magetsi oposa amene chaja ingapirire. Mu 2016 cingwe cina columikizidwa mawaya mopingasa cinaocha kompyuta yace, ndipo caka comweco kampani ya Amazon inaletsa kugulitsa zingwe zosatsata muyeso. Cingwe conyenga ciri ndi mawaya oonda, nthawi zina a aluminiyamu yopakidwa mkuwa pamwamba, ndipo waya woonda utentha ndi kucedwetsa kuchaja. Chaja yonyenga njoopsya koposa. Magetsi a m'khoma muno ndi mavolti 230, ndipo nchito ya chaja ndiyo kuwatsitsa ndi kuika mpanda wolimba pakati pa magetsi a m'khoma ndi dzanja la munthu. Chaja yosowa mpanda umenewo ikhoza kugwidwitsa munthu magetsi kapena kuyatsa moto m'nyumba anthu ali m'tulo.

Cifukwa cace wogula wanzeru ayamba wawerenga pa foni kapena pa katoni yace mawati amene cipangizo cace cifuna, nafuna chaja yolembedwa mawati omwewo kapena oposerapo, pamodzi ndi zilembo za PD. Pa cingwe afunsa ngati ciri ca mawati 60 kapena 240, ndipo ngati afuna ca makalata kapena ca sikirini afunsanso za liwiro lace. Chaja yopepuka ngati cikopa ca mtedza, yosalembedwa dzina la wopanga, kapena yolembedwa malembo ofufutika ndi olakwika, aisiye pomwepo. Apemphe kuiyesa m'sitolo momwemo, ndi kulandira risiti. Chaja kapena cingwe cikatentha kosagwirika, kapena cikanunkha kupsya, cizulidwe nthawi yomweyo, cisagwirenso nchito. Foni isachajidwe pansi pa pilo kapena m'bulangete. Ndipo bowo la foni likadzala fumbi, licotsedwe foni itazimidwa, ndi kamtengo kosongoka mosamala, osati ndi singano kapena waya.

Za zipangizo zakale, palibe cifukwa cozitayira ziri zamoyo. Makina osindikizira, kiyibodi kapena mausi ya mutu wamakona igwirabe nchito pa kompyuta yatsopano mwa kacolumikizira kotsika mtengo, pakuti USB yatsopano imvana ndi yakale. Masukulu ambiri ali ndi makina oonetsera zithunzi pa khoma a mutu wa VGA, ndipo iwonso ali ndi kolumikizira kace, malinga bowo la USB-C la kompyutayo likhale lotulutsa zithunzi. Chaja ya Micro-USB imene wina saifunanso ikhoza kuthandiza mbale amene foni, wailesi kapena nyali yace ya sola ikali ya mtundu umenewo. Zimene zinafadi zipite kwa okonza mafoni kapena osonkhanitsa zitsulo. Zisaochedwe pa moto pofuna mkuwa, pakuti utsi wa pulasitiki yace ubvulaza mapapo.

Kucokera mu 1996 kufika mu 2024 panapita zaka 28 kuti makampani ndi maboma afike pa mutu umodzi, ndipo anafikapo mwa luso la amisiri, mwa mapangano, ndi potsiriza mwa lamulo. Mbali yao yacitika: banja likhoza tsopano kukhala ndi chaja imodzi yabwino ya foni ya bambo, ya mai ndi kompyuta ya mwana wa sukulu. Mbali yotsala ndiyo ya wogula, amene ayenera kuwerenga ndi kufunsa asanatulutse ndalama, pakuti chaja yotsika mtengo ikaocha foni, ndalama zocepa zimene anasunga sizifika ngakhale pa kagawo ka mtengo wa foni yatsopano.